Msoko wa Ndowa Ukupita ku Ndirande

Fesitoni mwana wanga,

Ukapeza kalatayi pansi pa malaya ako, usayambe kukalipira amayi ako kapena mlongo wako Aginesi. Amene watsegula chikwama chako ndine. Ndachitsegula lero masana, iwe utapita kukatsanzika kwa amalume ako, ndipo sindikupepesa. Chifukwa chake ndichinena kumapeto. Uwerenge zonse, usadumphe mizere monga umachitira ukapatsidwa Baibulo kutchalitchi.

Ndikulemba dzuwa likadalipo, pakuti maso angawa ndi kuwala kwa koloboyi anadana kalekale. Pakamwa ndalephera kukuuza. Sabata yonseyi ndikati ndiyambe, iwe umangoti "eya bambo, eya bambo," maso ali kumsewu, mtima utakwera kale minibasi. Pepala lokha ndi limene silindiyankha ndisanamalize.

Mawa ukupita ku Ndirande kukakhoma zidebe m'shedi ya a Mulepa. Amayi ako akuti ndi mwayi. Amalume ako akuti ndi mwayi. Ngakhale abusa agwedezera mutu. Ine ndekha ndiye ndatsala ndi funso. Munthu wokhala pakati pa amisiri odzaza msewu wonse, anyamata osowa ntchito akumudikirira pakhomo m'mawa uliwonse, angasowe bwanji womugwirira nyundo mpaka kudzatola mwana wa ku Mkhumba? A Mulepa anabwera kuno mwezi watha, ati kudzalira maliro a azakhali awo. Anthu akuimba pa siwa iwo anazemba, ndipo ndinawapeza pakhonde langa atatembenuza ndowa, chala chikuyenda pa tako, akuyang'anitsitsa ngati munthu wosaka nsabwe. Atandiona anaseka nati, "Akwathu, dzanja lanu silinakalambe." Madzulo a tsiku lomwelo anayamba kukamba zokutenga. Sanatsatire iwe, mwana wanga. Atsatira msoko.

Ndowa iliyonse imafera pa tako, pomwe lata la pansi limakumana ndi la m'mbali. A m'tauni amapinda kamodzi n'kumata ndi mtovu, ena amangopaka phula, ndipo ikatunga dzinja limodzi yayamba kale kudontha. Ine ndimapinda kawiri, mpindo wina kuluma unzake, popanda mtovu, ndi kachitsulo kaja ndinasula ndekha kuchokera ku sipuling'i ya lole. Yenda m'midzi kuyambira kuno mpaka padoko la Chilwa, ukapeza ndowa zanga zimene zinatunga madzi pa ukwati wa mayi, lero zikutunga pa ukwati wa mwana wake. A Mulepa anang'ambapo ndowa yanga kuti aone m'kati. Mpindo anauona, koma chopindira sanachione, ndipo ntchitoyo inawakanika.

Umvetse chifukwa chake ndimauma nawo mtima msoko umenewu. Ine pano ndine mkamwini. Munda uwu ndi wa amayi ako, ndipo udzakhala wa Aginesi. Mango amene ndinadzala ndi manja anga adzadya ana a Aginesi. Iwe udzakwatira n'kukakhala pamudzi pa eni monga ndinachitira ine. Kuno chimene bambo angasiyire mwana wake wamwamuna n'chimene chimalowa m'thumba ndi m'manja basi. Ine ndilibe ng'ombe, ndilibe golosale, ndili ndi msokowu. Ndinkati ndidzakupatsa ukamadzapita kuchikamwini kuti usakafike kwa eni chimanjamanja. N'chifukwa chake tako ndakhala ndikumalizira ndekha kuseri kwa nkhokwe, iwe nditakutuma kukatunga madzi oyesera ndowa. A Mulepa akuganiza kuti msokowo ukuudziwa. Ine mpaka m'mawa wa lero ndinkaseka chamumtima kuti adzinamiza.

Tsono tamva za kumene ukupitako, pakuti ine ndinakhalako ndipo ndinapusako kangapo.

Ndinapita chaka chija Chilwa inaphwa, iwe ukadali wa kabudula wong'ambika kumbuyo. Pamene pankayenda mabwato anthu ankadutsa ndi njinga. Asodzi anabalalika, mpunga unapsa m'madambo, ndipo munthu wopanda matemba kapena mpunga wogulitsa sagula ndowa. Matipate anali atangoyamba, aliyense ankati tauni yatseguka. A Mulepa, amene tinkavina nawo tchopa tili anyamata, anali atatsogola kale, ndipo ananditumizira uthenga kuti malo alipo. Chinthu chimodzi chokha ndinachenjera. Kachitsulo kaja ndinakasiya kuno, ndipo atandifunsa ndinati ndaiwala.

Kupusa kwanga koyamba kunali kuganiza kuti a m'tauni ali ndi manja othamanga kuposa athu. Nditalowa mumsewu wa okhoma zidebe, makutu anatseka. Nyundo uku, nyundo uko, kho kho kho osalekeza, mbaula zitaunjikidwa mpaka kudenga, makeni othirira ali lende pa zingwe. Zimene ine ndinkapanga pa sabata, shedi imodzi inkatulutsa dzuwa lisanafike pamutu. Ndinachita manyazi mpaka kubisa manja m'matumba. Panapita miyezi ndisanazindikire kuti manja awo ndi ofanana ndi anga, ena mwinanso olobodoka. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sayenda. Taganiza za ife kuno. Malata akatha, ndi tsiku lathunthu pa njinga kukawasaka ku boma. Waya akasowa, tsiku linanso. Kukagulitsa padoko, linanso, n'kubwerako ndi theka la katundu pa kaliyala. Nyundo yanga imagona masiku ambiri kuposa amene imagwira ntchito. Kumeneko mafakitale ali kutsidya kwa mtsinje chabe, ndipo zidutswa za malata zotsala m'mafakitalemo zimabwera zokha pa wilibala. Wogulitsa waya ali khomo lotsatira. Sizasi ikabuntha, wonola ali potero. Ogula amabwera okha ndi malole, chifukwa dziko lonse likudziwa kuti zidebe zili mumsewu umenewo. Munthu amangokhala pa chidutswa chake cha njanji chokhomerapo n'kumakhoma kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Choncho akakakuyamikira kuti wayamba kuthamanga, usakadzitukumule, Fesitoni. Liwirolo ndi la malowo, ndipo tsiku lochokako umalisiya komweko.

Kupusa kwachiwiri kunali kukondwera atandipatsa ntchito yopepuka. M'shedi ya a Mulepa ndowa siipangidwa ndi munthu mmodzi. Wina amadula, wina amakulunga, wina amaika tako, wina makutu ndi chogwirira. Ataona kuti pa tako ndawakana, anandiika pa makutu. Ndinati apa ndapuma. Pasanapite nthawi ndinkakhoma makutuwo maso ali kwa anthu odutsa, ndipo palibe ankandipeza. Pambali panga pankakhala mkulu wina, a Dizimasi, amene anagwira m'fakitale ya mapoto kuyambira ali mnyamata mpaka imvi, ntchito yawo kupondereza makina otulutsa zivindikiro. Fakitaleyo itatsekedwa, katundu wakunja atasefukira m'misika, anabwera kwa ife akudzitcha mmisiri. Tsiku lina mayi wina anabwera ndi ketulo yodontha, tonse tili otanganidwa, ndiye anaipereka kwa a Dizimasi. Anaitembenuza, anaitembenuzanso, kenako anandinong'oneza kuti, "Achimwene, tandipulumutsani, ine ndimadziwa chivindikiro chokha." Tsiku limenelo ndinaseka. Koma Loweruka lotsatira ndinati ndipange keni yathunthu yoti nditumizire amayi ako kudimba, ndipo ndinapeza manja akuzengereza pa mlomo wake, chinthu chimene kuno ndinkachipanga ndikucheza ndi anthu. Ndinaopa kwambiri.

Kugawana ntchito kumachulukitsa ndowa, zimenezo sindikana, ndinaziona ndi maso angawa. Koma ndowazo zimakhala za mwini shedi, iwe umatsala ndi khutu. Ndiye tamvera. Kaya akakuika pa makutu, kaya pa kudula, sabata isamathe usanapange chinthu chimodzi chathunthu wekha, kuyambira pa lata losadula mpaka pothira madzi oyesera. Ukasowa lata, ngakhale kapu ya chitini cha mafuta. Ndipo tsiku lina wina adzakunong'oneza kuti kutsidya, m'fakitale, akulemba anthu, amapatsa ovolosi ndi nsapato. Sindikuletsa. Makina amodzi a kumeneko amaposa msewu wonse wa nyundo, ndipo ndi bwino munthu kuwaona. Koma ukalowa pachipata chimenecho uzikumbukira a Dizimasi atagwira ketulo.

Kupusa kwachitatu n'kwa mtundu wina, ndipo ndikulemba monyinyirika. Kunabwera munthu wa jekete wofuna makeni othirira ochuluka zedi, ati a alimi a m'madimba kwinakwake, ndipo ankawafuna mwezi usanathe. Shedi imodzi sikanatha. A Mulepa anayenda msewu wonse kugawa ntchitoyo, ameneyu matupi, ameneyu milomo, ameneyu zogwirira, ndipo anandiuza kuti nditenge gawo langalanga la madzulo. Ine ndinati ayi, apa pali msampha, munthu wa jekete adzanyamula makeni n'kusowa. Sanasowe. Makeni anatha, lole inabwera, ndipo sabata imeneyo msewu wonse unanunkhira nyama yokazinga, ine ndikudya bonya. Ntchito yotere kuno ku Mkhumba siingabwere, ndipo itabwera ndingaikane ndekha, pakuti ndingaigawire ndani? Apo ndinalakwitsa. Komabe ndinaona chinthu. Munthu wa jeketeyo palibe analankhula naye kupatula a Mulepa. Ankamulandirira kumsewu waukulu n'kumuperekeza mpaka kugalimoto, osamusiya yekha ngakhale pokataya madzi. Nyama tinaiona kwa onse, koma malata atsopano pa denga tinawaona kwa a Mulepa okha. Ntchito ya gulu usamaikane, koma uzidziwa nkhope ya wogula ndi kumene amachokera.

Chimene chinandibweza kumudzi ndi koloboyi. Ku Ndirande magetsi amathimathima, ndipo nyumba zambiri zilibe n'komwe, choncho makoloboyi amayenda malonda. Ine kuno ndinkapangira asodzi koloboyi wokhala ndi kolala ya lata kuzungulira chingwe, yobooledwa timabowo, kuti mphepo ya panyanja isamuzimitse. Ndinapanga angapo ntchito ya a Mulepa itatha, kuti ndipezepo ya ndiwo. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anawalimbirana onse tsiku lomwelo. Ndinati basi, umphawi ndatsanzikana nawo. Sabata isanathe, shedi yoyang'anana nafe inapachika makoloboyi a kolala. Mwezi usanathe unali msewu wonse, wina atawonjezerapo kale kachogwirira. Palibe anandipempha, palibe anati zikomo. Amabwera bwanji, ukudziwa? Munthu amafika ngati akudzabwereka nyundo kapena kudzapempha moto wa ndudu, pakamwa akukamba za mpira, maso ali pa zala zako.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti woyamba kupanga ambiri anali a Mulepa eni ake. Ndinawafunsa. Anandiyankha akutafuna chinangwa, opanda ndi manyazi omwe. "Akwathu, kuno nzeru sitimangira mpanda. Lero taona kwa inu, mawa muona kwa ife. Ngati mumafuna kubisa, munabwereranji pagulu?" Ine ndinati, "Kwathu munthu wotenga cha mwini osapempha ali ndi dzina lake." Anaseka mpaka kutsamwa.

Usaiwalenso kuti chimene chimakoka ogula chimakokanso anzako ofuna kudya pomwepo. Nthawi imene ndinakhalako ndinaona nyumba zikukwera phiri, pamene lero pali chimanga mawa pali zisakasa. Aliyense wochotsedwa ntchito m'fakitale ankagula nyundo n'kudzakhala pambali pathu. Ndowa zinachuluka, mtengo unagwa, lendi inakwera. Tinkakhoma kwambiri kuposa kale, koma m'thumba munali mbee chimodzimodzi. Tinkagona mothithikana m'kachipinda kamodzi, chimbudzi chimodzi cha nyumba zonse, pampopi mzere wosaoneka kothera. Nthawi imene wapulumutsa posayendera malata umakaitaya podikira madzi. Dzinja lina ndinatsekula m'mimba mpaka anzanga anayamba kufunsana za galimoto yodzanditula kuno. Madzi uziwiritsa, Fesitoni, ngakhale akuseke kuti ndiwe wakumudzi. M'makutu uziikamo thonje, pakuti khutu langa lakumanzere lija umati ndimanamizira kusamva ndinalisiya mumsewu umenewo. Utsi wa mtovu usamaupume. Ndipo za akazi sindichulutsa mawu. Wayenda nane m'maliro a anyamata obwera pa galimoto kuchokera m'tauni, unaona wekha mabokosi awo kupepuka kwake.

Nditachira ndinamanga katundu. Ndinalumbira pamaso pa a Mulepa kuti msoko wanga sudzaponda mumsewu umenewo ine ndili moyo. Ndinabwerera kuno, Chilwa inadzazanso, asodzi anabwerera, ndipo ine ndinakhala pansi pa mango wanga ndekhandekha, popanda wondisuzumira. Ndinkamva bwino, ndisaname.

Pali nkhani ina imene amayi ako amakonda kundinyogodola nayo, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina adzakuuza, choncho ndiyambe ndine. Nditabwerako ndinayamba kudula malata mwa njira ina, kugoneka zoyezera mosemphanitsa, china mutu uku china mutu uko, kotero kuti lata limene kale linkatulutsa ndowa n'kutsala zinyalala linayamba kutulutsanso kapu. Iwo anandifunsa kuti, "Abambo a Fesitoni, kadulidwe aka mwakatenga kuti?" Ndinati ndinakaona kwa mkulu wina wodula m'shedi ya kumunsi. Anati, "Munamupempha?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga wotereyo kwathu kuno dzina lake ndani?" Mpaka lero ndimati nkhani ziwirizi n'zosiyana. Ine ndinangoona ndikudutsa. Aja okopera koloboyi wanga ankachita kubwera dala.

Koma tauni siikusiya chifukwa choti waithawa. Ine inanditsatira pa lole. Tsiku lina la msika ku Phalombe ndinapeza ndowa za ku Ndirande zitandandalikidwa, zonyezimira, mtengo wake wotsika kuposa umene ine ndimagulira lata lokha. Pambuyo pake kunabwera zapulasitiki. Amayi amadziwa kuti zanga sizidontha, amachita kunena okha akuzisisita, koma amagula zotchipazo chifukwa ana akudikira ufa kunyumba. Ukudziwa wekha ndowa zimene timabwerera nazo masiku ano. Ndipo chaka chatha venda wina anandikodola nandionetsa koloboyi wa kolala, nati, "Madala, gulani uyu, nzeru zatsopano za ku Blantyre, sazima ndi mphepo." Ndinamugwira koloboyiyo nthawi yaitali. Anali wabwino kuposa wanga. Timabowo take tinali topendekeka, kolala yochotseka kuti munthu azipukuta mwaye. Anadutsa m'manja ambiri ndipo aliyense anaikapo kake, pamene wanga kuno ali monga ndinamupangira poyamba. Ndinapalasa njinga njira yonse nditakwiya, ndipo sindikudziwa bwinobwino amene ndinkamukwiyira.

Tsopano za chikwama. M'mawa uno ndinakuona ukukulunga kanthu m'kansanza n'kukalowetsa pansi pa zovala, ukucheukacheuka. Ndinati basi, a Mulepa amunong'oneza mwanayu kuti abwere ndi kachitsulo ka bambo ake. Sindinapite n'komwe kukaona kumene ndimakabisa, mlandu ndinali nditaweruza kale. Utangokhota pa mpanda wa a neba, ndinatsegula.

M'kansanzamo munalidi kachitsulo, koma sikanali kanga. Kanga kali ndi mpata umodzi, umapinda koyamba n'kutembenuza ndowa kuti upinde kachiwiri. Aka kali ndi mipata iwiri, wina wozama wina wosaya, ndipo modutsa tupa mukadali mbuu. Ndinathamangira kutsindwi la nkhokwe, kanga ndinakapeza pamalo pake, ngakhale fumbi lake losakhudzidwa. Ndinakhala pansi. Ndiye kuti zaka zonsezi ndikukutuma madzi, iwe unkabwerera panjira n'kumasuzumira m'mipata ya nkhokwe. Munthu amene ndinamuthawa ku Ndirande ndakhala ndikudya naye mbale imodzi.

Ndinatenga ndowa ija inatsala yosamaliza dzulo n'kuyesa kachitsulo kako. Mipindo yonse iwiri inagwira ulendo umodzi, osatembenuza. Ndinathiramo madzi n'kuikhazika pa njerwa, kunsi kwake nditawaza mchenga wouma. Ndinadikira, ndipo ndikuuze zoona, ndinkafunitsitsa kuti idonthe. Amayi ako anandipeza nditagwada, tsaya lili pansi, ndikusuzumira kunsi kwa ndowa. Anati, "Yadontha?" Ndinati, "Ayi." Anati, "Nanga mukuliranji?" Ndinawauza kuti ndi utsi wa kukhitchini, ngakhale moto unali usanakolezedwe. Sanafunse kuti kachitsuloko n'kandani, ndiye nawonso ndayamba kuwakayikira. Tupa langa linasowa mwezi wathunthu chaka chatha, ndipo iwo ndi amene anadzalipeza.

Ndinali nditakonza zokulembera kuti usakaonetse munthu chilichonse. Tsopano ndingakuletse bwanji chinthu chimene sindinakupatse? Msokowo ndi wako, unautola wekha ndipo waukonza kuposa mwini wake. Komanso ndisakunamize, mumsewu umene uja sungaubise. Udzaphimba ndi chiguduli, udzatembenukira kukhoma, koma tsiku lina udzadzuka n'kupeza shedi yoyang'anana nanu itapachika ndowa zosadontha. Udzamva kuwawa kumene ndinamva ine, ndipo udzalakalaka kumanga katundu. Usadzamange. Ine msoko wanga ndinausunga bwinobwino pansi pa mango, palibe anaukhudza, ndipo ogula akupita ku lole.

Chimene ndikukupempha n'chakuti usakaupereke ngati mwana wonyengereredwa ndi siwiti. Masiku oyamba gwira ntchito imene akupatse, pakamwa potseka, maso otsegula. A Mulepa adzakuitanira chakudya kunyumba kwawo, adzakutcha mwana wawo, mwina adzatuma mwana wawo wamkazi kuti ndiye akupatse madzi osamba m'manja. Idya, thokoza, kachitsulo kakhale m'thumba. Akadzatopa kuzungulira n'kufunsa poyera, nawe unene poyera zimene ukufuna. Njanji yakoyako. Kupanga ndowa yathunthu, osati tako lokha. Kulankhula wekha ndi ogula. Ndiponso chizindikiro chako chokhomedwa pa tako la ndowa iliyonse yotuluka m'manja mwako, kuti mayi akaitembenuza patapita zaka adziwe wokamufunafuna. Msoko adzaukopera, koma anthu adzakhala atadziwa kale kumene unayambira. Ine zimenezi sindinaziganize pa koloboyi, n'chifukwa chake lero akunditcha madala n'kundigulitsa nzeru zanga. A Mulepa akakana, shedi zilipo zambiri mumsewumo, ndipo ubwino wina wa gulu ndi umenewo. Nawenso uziyenda kukabwereka nyundo kwa anzako, ngakhale yako ili bwinobwino. Maso amene unkasuzumira nawo pa nkhokwe yanga usawasiye kuno.

Pa Khirisimasi usadzandibweretsere shuga, amandiwawitsa mano. Udzandibweretsere chimene waona, udzandionetse pansi pa mango, ine ndidzanamizira kuti ndinkachidziwa kale.

Chatsala chimodzi. Ukamasula kansanza kaja upeza kachitsulo ka mpata umodzi, kakale, kosalala ndi thukuta la manja anga. Kako ndatenga ine. Sindinapemphe, ndipo dzina la munthu wotere ndikulidziwa, amayi ako andikumbutsa kale kawiri chilowereni m'nyumba muno. Iwe uli ndi maso, ukagula tupa ukasula kena msanga, mwina koposa aka. Ine maso oti n'kusulira kena ndilibenso, ndipo msana wotembenuzira ndowa kawiri ukutha. Kangako usakavutike kukagwiritsa ntchito, n'kochedwa. Ungokasunga. Ndinalumbira kuti sikadzaponda ku Ndirande ine ndili moyo, ndipo mawa kakwera minibasi m'chikwama cha mwana wanga yemwe, ine nditamunyamulira chikwamacho mpaka pamsewu.

Amayi ako aika makaka a chinangwa ndi nandolo m'thumba la pambali. Uyende bwino, mwana wanga. Ndikuopa, ndiponso ndikukunyadira, ndipo mawa sindinena chilichonse mwa ziwirizi, ndingokuuza kuti ufulumire minibasi ikusiya. A Mulepa ukawapatse moni. Koma ukangofika ugule loko wa chikwamacho, waona wekha kuti chimatseguka mosavuta.

Ndine bambo ako,
wokhoma zidebe wa ku Mkhumba.